Kupendera bulangete la zigamba kuti makona akhale bwino

Mayi, mwafunsa chifukwa chimene makona a bulangete lanu la zigamba za chitenje akutulukira okhwinyata ngati khutu la mbuzi, komanso ngati kuli bwino kugula bayasi wa m'sitolo, kansalu kopenderera kodulidwa kale mopendeketsa. Bayasi ameneyo musagule, ndi wa m'makhosi mwa madiresi. M'mphepete mwa bulangete ndi mmene mumayamba kutha, chifukwa ndimo mumakhula pansi ndiponso ndimo manja amakoka usiku, choncho mpendero wake uyenera kukhala wa nsalu yopinda pawiri imene mwadula nokha.

Musanakhudze makina, yalani bulangete pansi mudule m'mbali kuti nsalu yapamwamba, thonje la pakati ndi nsalu yapansi zilekezere pamodzi. Yezani ndi tepi mopingasa kuchokera pakona ina kufika pakona yoyang'anizana nayo, kenaka makona awiri enawo. Miyezo ikasiyana ndiye kuti bulangete ndi lopotoka, ndipo palibe mpendero umene ungaliwongole. Mukawongola, sokani mzere kuzungulira lonse, mamilimita 3 kuchokera kumapeto, kuti zitatuzi zigwirane. Mzere umenewu ndi wofunika kwambiri pa makina opalasa ndi mapazi, chifukwa mano ake amakoka nsalu yapansi yokha, yapamwamba n'kumatsalira.

Nsalu ya mpendero muichape kaye, poti chitenje chimasuluka ndiponso chimabwerera pang'ono chikanyowa koyamba. Dulani malamba a masentimita 6.5 m'lifupi, modutsa chitenje kuchokera mbali ina kufika mbali ina, muchotse kumapeto kolimba kuja. Kudula mopendeketsa ngati bayasi kumafunika pokhapokha makona akakhala obulungira. Kutalika kwake, phatikizani mbali zonse zinayi muwonjezere masentimita 30. Bulangete la 150 kwa 200 lifuna masentimita 730, amene ndi malamba 7 pa chitenje cha masentimita pafupifupi 115 m'lifupi, ndipo theka la mita likwana. Chikakhala chopapatiza, dulani lamba wachisanu ndi chitatu, koma pamenepo theka la mita silikwana. Polumikiza, musagundanitse mitu molunjika. Ikani lamba wina pamwamba pa mnzake mopingasa, nkhope zake (mbali zooneka bwino za nsalu) zitayang'anana, musoke mopendeketsa, mudule zotsala ndi kusita msoko motsegula. Mukatero mfundo imamwazika, siunjikana pamalo amodzi. Pomaliza pindani lamba yense pakati m'litali, nkhope kunja, mumusite.

Muzungulitseni kaye pa bulangete osasoka, muone kuti palibe polumikiza pamene pakugwera pakona. Pakagwera, sunthani poyambira. Yambani pakati pa mbali yaitali, musiye mchira wa masentimita 25 wosasoka. Mbali yodula ya lamba ilingane ndi mbali yodula ya bulangete, msoko ukhale mamilimita 6, singano ya nambala 14 kapena 16. Lamba musamukoke posoka. Akakokedwa, m'mphepete mumakwinyika bulangete n'kukana kugona pabedi.

Tsopano pakona, pamene pali nkhani yonse. Imani patatsala mamilimita 6 kuti mufike kumapeto, ndendende mofanana ndi msoko wanu. Ikani chizindikiro ndi choko kapena pini, chifukwa maso amanama. Bwererani m'mbuyo kawiri kapena katatu, dulani ulusi, tulutsani bulangete. Pindirani lamba m'mwamba, kutali ndi bulangete, mpaka mbali yake yodula iwongokane ndi mbali imene mukufuna kusoka tsopano; pakona pachita kamzere kopendekera. Gwirani pamenepo ndi chala, mubwezere lamba pansi kuti agone pambali yatsopanoyo, ndipo popindikira pake palingane ndi kumapeto kwa mbali imene mwamaliza. Yambani kusoka kuchokera pamwamba penipeni. Kakhutu kamene katsala m'katimo ndiko kamapanga kona yosongoka mukatembenuza, musakadule.

Makona anuwo akukhwinyata pa chimodzi mwa zifukwa ziwiri. Mwina mukusoka mpaka kumapeto osaima, ndiye nsalu imagwidwa n'kusowa popindikira. Mwina popinda kachiwiri mukulekezera m'munsi, kakhutu n'kuchepa, ndipo mpendero potembenuka umakoka kona kuti itukuke. Mukapyola m'mwamba, nsalu imachuluka ndipo kona imatuluka yotupa. Kusiyana kwa mamilimita 2 okha kumaoneka, ndiye yesani kaye pa kansalu kotsala musanapite pa bulangete.

Mukazungulira, imani patatsala masentimita 30 kuti mufike poyambira paja. Gonekani michira iwiri ija wina pamwamba pa unzake, mudule kuti ipitirirane masentimita 6.5, chimodzimodzi m'lifupi mwa lamba wosapinda. Itambasuleni, muilumikize mopendeketsa ngati poyamba, koma muone ngati lamba sanapotoke ndiponso ngati wakwana musanadule zotsala. Ambiri amangolowetsa mchira wina mwa unzake. Zimatheka, koma pamatsala kachotupa kamene kamayamba kusomboka pochapa.

Sitani mpendero moulozetsa kunja, muutembenuzire kumbuyo kuti uphimbe ulusi wa makina, mugwire ndi mapini. Pakona ya kumbuyo, yang'anani kumene khwinya lakutsogolo lagonera, lakumbuyo mulipindire kwina, kuti nsalu isaunjikane mbali imodzi. Posoka pamanja, singano itole nsalu yapansi yokha osatulukira kutsogolo, motalikirana mamilimita 5 kapena 6, ndi ulusi wofanana ndi mpendero, ndipo khwinya la pakona mulitseke ndi timisoko titatu. Ngati ndi bulangete la mwana lochapidwa sabata ndi sabata, kapena logulitsa limene simungalitayire masiku awiri, sinthani dongosolo: yambani kusokera lamba kumbuyo, mumutembenuzire kutsogolo, mupondereze ndi makina mamilimita 2 kuchokera popindikira. Mukafika pakona, siyani singano ili pansi, kwezani phazi la makina, tembenuzani bulangete, ndipo zungulitsani gudumu ndi dzanja kudutsa pokhuthala paja kuti singano isathyoke.