Kodi Stars and Stripes ingalembe zoona pomwe ndalama zake zimachokera ku Pentagon?

Mwandilembera pa imelo kuti mwawerenga nkhani ina mu Stars and Stripes, nyuzipepala ya asilikali a dziko la America, ndipo mukufunsa kuti: kodi nyuzipepala yothandizidwa ndi unduna wa zachitetezo (Pentagon) si yongobwereza zomwe akuluakulu a asilikali akufuna? Nkhawa yanu n'njomveka, koma ine ndikuti ayi, ndipo umboni wake uli m'mbiri ya nyuzipepalayi.

Dzinali linayamba kuoneka mu Novembala 1861, pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, pomwe asilikali ochokera ku Illinois anapeza makina osindikizira atasiyidwa m'tauni ya Bloomfield ku Missouri, n'kudzilembera okha nyuzi. Sinakhalitse. Inadzukanso ku Paris pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, mu Febuluwale 1918 kufikira Juni 1919, ikutuluka sabata ndi sabata, ndipo mmodzi mwa akonzi ake, Harold Ross, ndiye anadzayambitsa magazini ya The New Yorker. Mu Epulo 1942, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, inayambiranso ku London, ndipo kuchokera pamenepo sinasiyenso.

Nkhani yomwe imandigwira mtima ndi ya Bill Mauldin, msilikali wamba wodziwa kujambula. Iye ankajambula asilikali awiri, Willie ndi Joe, ndevu zili nyankhalala, maso ali gwa ndi tulo, nsapato zodzaza matope. Anzake a kutsogolo kwa nkhondo ankadziona okha m'zithunzizo. General George Patton, yemwe ankafuna msilikali wometa ndi wovala mwaudongo ngakhale pakati pa zipolopolo, anapsa mtima mpaka kuopseza kuti aletsa nyuzipepalayi pakati pa asilikali ake. Mu 1945 anamuitanitsa Mauldin n'kumudzudzula maso ndi maso. Koma General Dwight Eisenhower, mkulu wa onsewo, anaima ndi wojambulayo, poona kuti msilikali wotopa amafunika podandaulira. Chaka chomwecho Mauldin analandira mphoto yapamwamba ya utolankhani ya Pulitzer ali ndi zaka 23. Taganizani, sajeni kulimbana ndi jenerale woopedwa chotero, n'kupitiriza kujambula!

Mwina munganene kuti zimenezo n'zakale. Mu 2003 atolankhani ake anayendera misasa ku Iraq n'kufunsa asilikali pafupifupi 2,000 za moyo wawo, ndipo ambiri ananena poyera kuti mitima yawo yafooka, zomwe zinasiyana ndi mawu a akuluakulu ku Washington. Mu 2009 nyuzipepalayi inaulula kuti asilikali analemba ganyu kampani ya Rendon Group kuti izisanthula zolemba za atolankhani ofuna kuyenda ndi magulu ankhondo ku Afghanistan, n'kumaziika m'magulu a zoyamikira, zodzudzula ndi za pakatikati. Posakhalitsa mgwirizanowo unathetsedwa, ndipo olemba nkhaniyo anapata mphoto ya utolankhani ya George Polk.

Izi sizitanthauza kuti ufulu wake ndi wokhazikika. Panakhazikitsidwa udindo wa munthu wapadera, ombudsman, woti azilondera kuti akuluakulu asalowerere pa zolembedwa, n'kumakapereka lipoti ku Congress, nyumba ya malamulo ya America. Komabe wogwira thumba la ndalama ali ndi mphamvu. Mu 2020 Pentagon inafuna kuchotsa ndalama zokwana pafupifupi madola 15.5 miliyoni zomwe inkapereka pachaka, n'kulamula kuti nyuzipepalayi itsekedwe. Masenetala a zipani zonse ziwiri anakana, ndipo mu Seputembala Pulezidenti Donald Trump analengeza kuti ndalamazo sizidulidwa.

Mukamaiwerenga, musangoyang'ana mitu ya nkhondo. Zambiri zomwe imalemba ndi za malipiro, nyumba za mabanja zomera nkhungu, chithandizo cha ovulala, ngakhalenso mpira wa ana a asilikali a m'sukulu za ku Germany, Japan ndi South Korea. Mkazi wa msilikali ali ku Okinawa, ku Japan, akafuna kudziwa chifukwa chomwe ndalama yothandizira pa kukwera mtengo kwa zinthu yatsikira, nthawi zambiri yankho amalipeza mmenemo, chifukwa nyuzipepala zikuluzikulu sizikhala ndi mtolankhani pa msasa wake.