Kodi azungu 500 okha anagwetsadi ufumu wa Aaziteki?

Sabata yatha bambo wina wa ku Mchinji ananditumizira imelo. Anati: "Mwana wanga wabwera ndi nkhani yoti azungu 500 okha a ku Spain anagonjetsa ufumu wa Aaziteki, chifukwa eni dziko ankayesa mtsogoleri wa azunguwo mulungu. Kodi anthu angapusitsidwe chonchi?"

Bambo, zikomo kwambiri. Chiwerengero cha mwana wanuyo n'choona pa tsiku lofika lokha. Mtsogoleri wa azunguwo, Hernán Cortés, anakocheza kugombe la Mexico mu 1519 ali ndi asilikali pafupifupi 500 ndi akavalo 16. Koma amene anagwetsa likulu la Aaziteki patapita zaka ziwiri anali khamu lina, ndipo ambiri mwa iwo anali eni nthaka omwe.

Tiyambe ndi Aazitekiwo. Iwo ankadzitchula kuti Mexica, n'kumene kunachokera dzina la dziko la Mexico. Anafika mochedwa m'chigwa chimenecho, malo abwino onse ali ndi eni ake, moti anakakhala pa kachilumba ka matope m'nyanja ya Texcoco. Mwambo wawo umati anamanga mudzi wa Tenochtitlan mu 1325, pamene anaona chiwombankhanga chitatera pa chomera cha minga. Chithunzi chimenechi chili pa mbendera ya Mexico mpaka lero. Kwa zaka pafupifupi 100 anali ankhondo aganyu a mafumu a Azcapotzalco. Mu 1428 anagwirizana ndi mizinda ya Texcoco ndi Tlacopan n'kugwetsa mabwana awowo, ufumu n'kuyambira pamenepo. Choncho azungu pofika, ufumuwu unali usanakwanitse n'zaka 100 zomwe.

Chimene chimandigometsa ine ndi ulimi wawo. Poti munda panalibe, anaupanga okha. Ankakhoma zikhomo m'madzi osaya, n'kuunjikamo matope ndi zinyalala mpaka patatuluka mtunda, m'mbali n'kubzala mitengo yogwira dothi. Madimba amenewa ankawatchula chinampa, ndipo ankakolola kangapo pa chaka: chimanga, nyemba, maungu, tsabola, tomato. Inde, chimanga chomwechi cha nsima yathu kwawo ndi ku Mexico, kuno chinachita kubwera. Iwo ankayamba achiphika m'madzi a laimu kapena a phulusa asanachipere, zomwe zimathandiza thupi kupeza zakudya zofunika za m'chimangamo. Mbewu ija inatipeza, luso lija linatsalira komweko.

Mzindawo unakula mpaka akatswiri ambiri amati munali anthu pafupifupi 200,000, kuposa mzinda uliwonse wa ku Spain wa nthawi imeneyo. Munali ngalande zoyendamo mabwato, misewu yokwezeka yolumikiza chilumba ndi mtunda, ndiponso madzi akumwa ochokera ku akasupe a ku Chapultepec. Pamsika wa Tlatelolco munthu ankagula ndi njere za koko ngati ndalama, ndipo panali oweruza omwe ankathana ndi onyenga pa muyeso. Ana ankapita kusukulu: a mabanja achifumu ku calmecac, a anthu wamba ku telpochcalli.

Nanga zonsezi ankalipira ndani? Apa m'pamene pagona yankho la funso lanu. Aaziteki akagonjetsa mzinda sankachotsa mfumu yake kawirikawiri. Ankangoti: khalani momwe mulili, koma msonkho uzibwera. Nsalu za thonje, chimanga, koko, nthenga, golide, zonse zinkasenzedwa pamsana kupita ku Tenochtitlan, chifukwa kunalibe ng'ombe, bulu kapena ngolo. Ndiye panalinso nsembe za anthu. Musamve za ena oti zimenezi anangopeka azungu. Ziwerengero anakokomezadi, koma kuyambira mu 2015 ofukula zakale apeza zigaza zoposa 600 zomangidwa pamodzi ngati nsanja pafupi ndi kachisi wamkulu wa milungu yawo, Huitzilopochtli ndi Tlaloc. Ambiri operekedwa nsembe anali ogwidwa kunkhondo. Mitundu yokhoma msonkho inkamvera chifukwa cha mantha, mumtima ikudikira tsiku.

Oipidwa kwambiri anali anthu a ku Tlaxcala. Amenewa sanagonjepo, koma Aaziteki anawazungulira n'kuwatsekera malonda, moti kwa zaka zambiri ankadya ndiwo zopanda mchere, thonje osaliona. Cortés atafika kwawo anayamba amenyana naye koopsa, kenako akuluakulu awo anakhala pansi n'kuona kuti mlendoyu wadza ndi kalumo kakuthwa, kometera mdani wawo. Zokambirana zonse zinkadutsa pakamwa pa Malintzin, mtsikana amene anaperekedwa kwa azungu ngati kapolo, wodziwa Chinahuatl, chinenero cha Aaziteki, ndi Chimaya. Popanda iye Cortés akanakhala gonthi ndi bubu.

Pa 8 Novembala 1519 mfumu Moctezuma II inalandira alendowo mumzinda, ndipo posakhalitsa iwo anaigwira n'kuisunga m'nyumba yomwe anawapatsa yogona. Mu Meyi 1520, Cortés atachokapo, womutsatira wake Pedro de Alvarado anapha anthu opanda zida omwe ankavina pa chikondwerero cha Toxcatl. Mzinda wonse unawaukira. Moctezuma anafa m'chipwirikiti chomwecho. Azungu amati anagendedwa ndi anthu ake, eni dziko amati anaphedwa ndi azungu. Usiku wa pa 30 Juni azunguwo anayesa kuzemba, koma anaonedwa. Mazanamazana anaphedwa pamsewu wodutsa m'nyanja uja, ena anamira chifukwa cha kulemera kwa golide yemwe anadzikundikira m'zovala. Mfuti ndi akavalo zinalipo, koma usiku umenewo anagonja. Opulumuka anathawira ku Tlaxcala, ndipo akanakanidwa kumeneko nkhani ikanathera pomwepo.

Kenako kunabwera nthomba. Matendawa anali achilendo kotheratu ku America, matupi a anthu sankawadziwa. Chakumapeto kwa 1520 anasesa mzinda, anthu kufa osowa wowaphikira ngakhale wowaika. Cuitláhuac, mfumu yomwe inalowa m'malo mwa Moctezuma n'kuthamangitsa azungu aja, inangolamulira masiku pafupifupi 80 n'kufa nayo nthombayo.

Cortés anabweranso mu Meyi 1521 ndi azungu osakwana 1,000, koma ankhondo a ku Tlaxcala, Texcoco, Chalco ndi madera ena anali masauzande makumimakumi. Anabweretsa ngalawa 13 zomwe matabwa ake anasemedwa ku Tlaxcala n'kusenzedwa kudutsa mapiri. Anadula madzi a ku Chapultepec, chakudya osalowanso. Anthu anafika pomwa madzi amchere ndi kutafuna makungwa, koma mfumu yachinyamata Cuauhtémoc inakana kugonja. Nkhondo inali ya nyumba ndi nyumba kwa miyezi pafupifupi itatu, mpaka pa 13 Ogasiti 1521 pamene anamugwira ali m'bwato. Anamuwotcha mapazi kuti aulule kumene kuli golide, ndipo mu 1525 anamunyonga.

Tsono za umulungu zija. Nkhani yoti Moctezuma ankayesa Cortés mulungu Quetzalcoatl imapezeka m'zolembedwa za patapita zaka makumi angapo mzinda utagwa kale, dziko lili m'manja mwa atsamunda ndi ansembe awo. Cortés mwiniwake, munthu wodziwa kudzitama, sananene zimenezi m'makalata ake opita kwa mfumu ya ku Spain, Charles V. Ndipo Aaziteki akagwira mzungu ankamupereka nsembe ngati mdani wina aliyense, mitu ya akavalo n'kuipachika pamodzi ndi ya eni ake. Mulungu samuchita zotero. Ine ndimaiona ngati nkhani yokomera wopambana, chifukwa imasandutsa ogonjawo zitsiru n'kubisa dzanja la Tlaxcala.

A ku Tlaxcala anapatsidwako maufulu apadera ndi mafumu a ku Spain, koma miliri ya mu 1545 ndi 1576 sinasankhe bwenzi kapena mdani, inapulula onse. Pamabwinja a Tenochtitlan panamangidwa Mexico City, nyanja ija n'kuiumitsa pang'onopang'ono, moti lero mzindawo ukutitimira. Kachisi wamkulu anakwiririka mpaka mu 1978, pamene ogwira ntchito zamagetsi pokumba anagunda chimwala chozokotedwa cha mulungu wamkazi Coyolxauhqui.

Mwanayo mumuuzenso kuti anthuwa sanathe. Oposa 1.5 miliyoni akulankhulabe Chinahuatl ku Mexico, ndipo amake akamutuma kumsika kuti akagule tomato, akutchula liwu lawo: iwo ankati tomatl.