Musagule kajammer, ine kanandigoneka pa phula ku Mutoko

Achimwene, musagule. Ndangowerenga zoti mukufuna kajammer kotsekera tracker ya m'thiraki mwanu, chipangizo chija chimaonetsa bwana pamene thiraki ili, mtima wanga wachita kuti phaa, chifukwa ineyo ndinakagula ndipo mpaka lero bondo lakumanzereli limandikumbutsa kukazizira.

Nthawi imeneyo ndinkayendetsa thiraki ya kampani ina ya ku Southerton mu Harare, ulendo wa Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza mpaka Blantyre. Mayi anga ankadwala pafamu ina kupitirira Murewa, komwe malemu bambo anafikira atachoka ku Dedza. Ndinkadutsa pamphambano yake kawiri pa mwezi osakhota. Ndinapempha bwana kanayi konse kuti andilole maola awiri okha. Yankho lake linali limodzimodzi, lakuti thiraki si ambulansi. Munthu ameneyo Mulungu amuone yekha.

Ndiye mnyamata wina wogulitsa mafoni m'tauni anandionetsa kachinthu kangati chaja, kolowetsa poyatsira fodya, kali ndi kamlongoti kafupi ngati chala. $35. Akuti madala, bwana wanu azingoona ngati netiweki yathawa. Bodza lenileni! Ma tracker ambiri a masiku ano amazindikira akamatsekedwa, ndipo ku control room kumalira alamu. Akuba mathiraki amagwiritsa ntchito kachipangizo komweko, ndiye iwo akangoona zimenezi saganiza zoti dalaivala wapita kukaona mayi ake.

Ndinakayatsa nditadutsa Murewa, ndinakhota, ndinawasiyira mayi shuga, mafuta ophikira ndi mankhwala, ndinakhala nawo pamphasa mpaka dzuwa kupendeka. Pobwerera pamsewu waukulu ndinaiwala kukazula. Nditatsala pang'ono kulowa Mutoko, pamapiri amiyala paja, bakkie yoyera inandipitirira n'kuima mopingasa. Ina kumbuyo. Ndisanamange n'komwe handbrake chitseko chinatseguka, munthu anandikoka kolala, ndinagwa kuchokera pamwamba paja bondo n'kufikira pansi. Chafufumimba pa phula, phulalo likutenthabe, tsaya langa pamenepo, kamwa lodzaza mchenga. Wina bondo lake pamsana panga, mfuti pakhosi apa, chitsulo chozizira, galu akuuwira m'khutu mwenimweni moti malovu ake ankandigwera. Akufunsa kuti anzako ali kuti, dalaivala mwamutaya kuti. Ine ndikuti dalaivala ndine, mawu osatuluka. Amayi ogulitsa matimati m'mbali mwa msewu anasiya mabeseni awo kubwera kudzaonerera, wina ndinamumva akunena m'Chishona kuti mbavha yagwidwa. Zaka zonse zija ndikuyendetsa popanda kusowetsa ngakhale katoni imodzi, lero mbava ndine. Kenako mmodzi anakwera m'cab, anatsika atanyamula kachinthu kaja n'kukandiyandikitsa kumaso osanena kanthu. Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa ululu wa bondo.

Ndinagona m'chitolokosi usiku umodzi. Katundu anapezeka yense, seal yosakhudzidwa, koma ntchito inathera pomwepo, popanda ndi senti yomwe. Bwana uja anaimbira anzake onse a mathiraki, miyezi 8 ndikuyenda ndi CV m'madera a mafakitale a Workington ndi Msasa, aliyense akungoti tikuimbirani. Mnyamata wogulitsa uja nditamupeza anati sakundidziwa. Akugulitsabe mpaka pano, mwina ndi yemweyo wakuuzani inu mtengo.

Zinazi ndinazidziwa mochedwa, kwa mlamu wanga amene amaika ma tracker. Masetilaiti a GPS ali kutali makilomita pafupifupi 20,200, ndipo mawu ake pa 1575.42 MHz amafika pansi pano ngati kunong'ona. Kajammer kamangokuwa pamalo omwewo, ndipo sikasankha kuti iyi ndi tracker ya bwana wankhanza, iyi ndi foni ya munthu amene akufunafuna njira ya kuchipatala. Onse oyandikana nanu mwawatseka maso. Ku America dalaivala wina ankabisala kwa bwana wake chimodzimodzi, mu 2012 kachipangizo kake kanasokoneza makina othandiza ndege potera pa bwalo la Newark, mu 2013 boma linalengeza zoti likufuna kumulipiritsa pafupifupi $32,000. Ndiye taganizani inuyo mukukasiya katundu cha ku bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe kali koyaka.

Kuno ku Zimbabwe mafunde a wailesi amayang'anira ndi a POTRAZ, pansi pa lamulo la Postal and Telecommunications Act la 2000, ndipo chipangizo chotulutsa mafunde chimayenera kuvomerezedwa ndi iwowo. Kogulitsidwa mobisa pansi pa kauntala kalibe pepala lililonse. Mukawoloka malire nkhani yake ndi yomweyo, kwathu kuli MACRA, ku Joni kuli ICASA. Ngakhale tizipangizo tobwereza signal ya GPS kuti ifike m'kati mwa shedi, mlamu akuti sitimangoikidwa mwachisawawa, chifukwa tikatayikira kunja timanamiza zipangizo za anthu ena za malo pamene zili. Nanga inu amene mumanyamula katundu wa transit, wongodutsa m'dziko muno, muli ndi seal yamagetsi ya ZIMRA, bungwe la misonkho, pakontena, mukaitsekera signal imeneyo mudzafotokoza chiyani pa border?

Langizo langa, pitani mukalankhule ndi bwana wanu maso ndi maso, mulembe ndi pa WhatsApp kuti pakhale umboni, mupemphe kuti malo amene mukufuna kuimawo awalowetse pa route. Ndikudziwa, ine ndinapempha kanayi osaphula kanthu, mwina wanuyo ndi munthu. Akakana, khotani tracker ili yoyaka, aone yekha pa kompyuta kuti mwaima pakhomo pa mayi anu, akudulani malipiro kapena akupatsani warning, koma palibe adzakutumizireni agalu.

Koma ndisakunamizeni, mayi anamwalira patangotha masabata atatu, ndipo tsiku lija ndi limene ndinawaona komaliza ali moyo, akundikakamiza kudya mbatata yootcha. Mukandifunsa ngati ndikanakhotabe, ndikanakhota. Kajammer kokhako ndi kamene ndikanakaponya mu mtsinje wa Mukuvisi.