Mayi, mwezi uno musasayine pepala lililonse

Pepani mayi, pepani kwambiri. Masabata atatu chimwalirire amuna anu ndi dzulodzulo. Mwati tulo sitikubwera, alamu anu atenga makiyi a galimoto ndi khadi la kubanki, ayambanso kunena za nyumba ya ku Kapata kuno ku Chipata, ndiye mukufunsa ngati mtima umadzakhalanso m'malo. Anzathu amene akuyankhani kale akuti limbani mtima, Mulungu ndiye adziwa. Zoona, koma mawu amenewo sabweza khadi. Nkhani zotere zimandipsetsa mtima, ndiye mundikhululukire, ndilemba mmene zikubwerera.

Anthu amayesa tsiku lowawa ndi la kumanda. Ayi. Kumanda muli ndi okugwirani uku ndi uku, amayi a Chigwirizano akuimba, adzukulu ali pa ntchito yawo, inu mungotsatira. Lowawa ndi la mawa lake. Tenti yachotsedwa, mabenchi abwerera kutchalitchi, pabwalo patsala phulusa ndi mapoto osatsuka, ndiye wina akuti "a banja tikhale pansi". Namfedwa ali pamphasa, chitenje kumutu, mawu anatha ndi kulira, masiku anayi sanadye zolongosoka. Atulutsa sutikesi. Amayamba ndi zinthu zoti palibe angakane: jekete kwa mng'ono wake, gambutsi kwa amalume, Baibulo kwa mwana woyamba. Kenaka mawu asintha. "Foni ya malemu ili kuti? PIN mukuidziwa? Mapepala a nyumba tisunge ndife, inu mutu sunakhazikike." Mwambo ukuti namfedwa sayankha, sakweza maso, ndipo iwo akudziwa zimenezo, ndiye chifukwa chake sadikira ngakhale sabata. Chonyansa n'chakuti wofunsa PIN amakhala yemwe uja sanafike kuwodi ngakhale ndi botolo la maheu, pamene mkazi ankagona pansi pambali pa bedi, kuchapa zofunda usiku, kugulitsa nkhuku kuti agule mankhwala. Pa maliro ndiye wolira mokweza kuposa onse. Madzulo anyamuka ndi katundu, mayi atsala ndi ana akufunsa kuti TV yapita kuti. Manyazi alibe anthu amenewa, ndipo Lamulungu amakhala kutsogolo ndi tayi.

Tsono mverani. Ngati abambo sanasiye wilo, chuma chawo chimagawidwa ndi lamulo la Zambia la 1989 lotchedwa Intestate Succession Act, osati ndi msonkhano wa pansi pa mtengo wa mango. Pa K100 iliyonse, K50 ndi ya ana, K20 ya mkazi, K20 ya makolo a malemu, K10 ya amene malemu ankawasunga. Mlamu palibepo. Mlongo wa malemu palibepo, amalume palibepo, pokhapokha ngati ankakhala pakhomo panu akusungidwa ndi malemu, kapena ndi mwana wamng'ono amene malemu ankamulipirira sukulu. Ziwiya za m'nyumba ndi za inu ndi ana. Nyumba ndi ya inu ndi ana, ndipo inu muli ndi ufulu wokhalamo moyo wanu wonse, ufulu umene umatha mukakwatiwanso. Wolanda chuma cha amasiye akhoza kulipitsidwa kapena kumangidwa mpaka zaka 2.

Zina za lamuloli zimawawa, ndikuuziranitu kuti musadzagwe mphwayi kukhoti. Ana amene abambo anabereka kunja ndi ana basi, amalowa mu K50 ija. Ngati panali mitala, K20 ija akazi amagawana poona zaka zimene aliyense wakhala pa ukwati ndi zimene anathandizapo. Komanso lamuloli silikhudza munda wa kumudzi umene uli m'manja mwa mafumu. Wachitengwa amene akulima munda wa kwa mwamuna nkhani yake imayambira kwa anyakwawa, ikakanika ipite kwa mfumu, ndipo apite ndi ankhoswe ake, asapite yekha.

Mawa m'mawa, musanaganize za khoti, sonkhanitsani mapepala. NRC (chitupa) yanu, NRC ya malemu, pepala la kuchipatala lonena chimene chinawapha (ngati anamwalirira kunyumba ndiye lipoti la kupolisi, kumudzi kalata ya anyakwawa), pepala la kukhonsolo lololeza kuika maliro, makadi a ana a kusikelo kapena masatifiketi obadwira, setifiketi ya ukwati, mapepala a nyumba, buku la galimoto, peyisilipi yomaliza. Ndi mapepala a imfawo mukatenge setifiketi ya imfa ku ofesi yomwe timatengako NRC. Chilichonse chitani fotokope katatu, mujambulenso pa foni ndi kutumiza kwa mbale wanu pa WhatsApp. Enieniwo asagone m'nyumba mwanu, akasungidwe kwanu kapena kwa abusa. Ngati ukwati unali wa mwambo wopanda pepala musaope, ndi ukwati ndithu, koma ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndiwo mboni zanu, choncho musayambane nawo. Lembaninso m'kabuku chilichonse chimene chatuluka pakhomo: chinthu, tsiku, amene watenga, amene anaona. Miyezi itatu ikapita mutu sudzakumbuka, chisoni chimadya nzeru.

Mukatero pitani kubanki ndi pepala la imfa mukanene kuti mwini akaunti anamwalira. Akaunti amaitseka mpaka khoti litasankha adiministireta, woyang'anira chuma cha malemu, ndipo khadi lili m'thumba mwa alamu lija lisanduka pulasitiki chabe. Inde, nanunso simutapa kanthu kwa kanthawi, koma ndalama yotsekeredwa iposa yodyedwa. Inunso musayese kukatapa ndi khadi la malemu, adzakutembenuzirani nkhani. Chimodzimodzi ndalama za pa foni, kaya Airtel kaya MTN: SIM musaitaye, musaipereke.

Pa adiministireta ndi pamene amayi ambiri amagwera. Banja limasankha mwamuna wa kuchimuna, athamangira ku Local Court, abwera ndi pepala la chidindo, basi ayamba kuyenda ngati chuma n'chake. Adiministireta si wolowa chuma. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa, kulipira ngongole ndi zotsala za maliro, ndi kugawa monga lamulo linenera. Sangagulitse nyumba kapena galimoto popanda chilolezo cha khoti, khoti likhoza kumuitana kuti awerengere ngwee iliyonse, likhozanso kumuchotsa. Pakakhala ana aang'ono, oyang'anira sayenera kuchepera awiri, ndiye umirirani kuti mmodzi mukhale inu. Akakuuzani kuti mkazi sakhala adiministireta, ndi bodza lamkunkhuniza. Ndipo poti pali nyumba, pepala la ku Local Court lokha silikwanira kusinthira dzina pa taitolo, zimenezo zimafuna High Court. A Legal Aid Board ali konkuno ku Chipata, ntchito yawo ndi kuthandiza amene sangakwanitse loya. Za makiyi ndi khadi, ankhoswe akalephera pitani kupolisi mukafunse a Victim Support Unit, othandiza ozunzidwa, mutenge kabuku kaja. Kawirikawiri amayamba ndi kuitana onse kuti mukambirane, ndipo alamu ambiri akangoona kalata ya kupolisi makiyi amapezeka okha.

Ngati abambo ankagwira ntchito yodulidwa za penshoni ya NAPSA, kuli ndalama ya maliro ngati anadulidwa miyezi 12 mwa miyezi 36 yomaliza, ngakhale maliro anapita kale, kulinso za otsala: mkazi, ana osafika zaka 18, ndi amene ali pa sukulu mpaka zaka 25. Ena a m'boma akale ali ku Public Service Pensions Fund. Funsani kuntchito kwawo za masiku a livi, malipiro otsala ndi inshuwalansi, muonenso pa peyisilipi ngati panali zodulidwa za funeral policy. Zimachedwa, mudzayenda mpaka nsapato kutha, ndipo chimene chimabweza mafomu kawirikawiri ndi dzina: pa NRC Phiri walembedwa mwina, pa khadi la mwana mwina. Yang'anani zilembo musanapereke.

Za mwambo, kumeta ndi kusudzula palibe vuto, zichitike, zimamasula ndi mtima womwe. Koma wina akabwera ndi za chokolo kapena kusasa fumbi mokukakamizani, lamulo la 2011 loletsa nkhanza limazitchula kuti ndi nkhanza. Nenani kuti ayi, ndipo muuze abusa kapena a mphakati tsiku lomwelo.

Tsopano za tulo. Kusagona, nsima kusalowa, kumva ngati akugogoda pachitseko nthawi imene ankaweruka, kuiwala kuti mwaika poto pamoto, kukwiyira malemu kuti andisiyiranji mavuto awa: zonsezi zimachitika, simukupenga. Chisoni sichichepa tsiku ndi tsiku ngati thumba la ufa. Mukhala bwino masiku atatu, lachinayi mupeza risiti m'thumba la buluku lawo, mwagwa. Mwezi wachiwiri ndi wachitatu umakonda kuwawa kuposa woyamba chifukwa opepesa asiya kubwera. Konzekerani zimenezo. Pakhale munthu wamkulu mmodzi wogona pakhomo, mchemwali kapena azakhali, osati gulu. Idyani kanthu katatu pa tsiku ngakhale phala la nsinjiro theka la kapu, pa nthawi yake, osadikira njala chifukwa sibwera. M'mawa tulukani panja, sesani, sambani, valani. Tiyi wamphamvu madzulo ayi, mowa ayi, mapiritsi ogonetsa ogula pa kantemba ayi. Ngati muli pa mankhwala a BP, shuga kapena ma ARV, uzani wogona nanuyo nthawi yomwera, chifukwa masabata ano ndi amene anthu amadumphitsa. Ngati abambo anadwala chifuwa nthawi yaitali, inu ndi ana mukapimidwe TB.

Mawu aja mwalemba kumapeto akuti bola kungowatsatira, sindiwalumpha. Ngati maganizo amenewo akubwera, lero lomwe mankhwala opopera thonje kapena ndiwo zamasamba, a makoswe ndi oteteza chimanga achoke pakhomo, akasungidwe kwa aneba. Maganizowa amabwera mwamphamvu usiku n'kupita, chofunika n'chakuti pa ola limenelo pasakhale kanthu pafupi ndipo musakhale nokha. Imbani 933, ndi Lifeline, yaulere, usiku ndi usana. Ana ali ndi yawo, 116. Kukliniki nenani mosabisa kuti "sindigona ndipo ndikuganiza zodzipha", adzakutumizani kwa oona za maganizo ku Chipata Central. Si uchimo kunena, ndipo amene angakuuzeni kuti n'kuchepa kwa chikhulupiriro musiyeni alankhule yekha.

Ana auzeni zoona. Zoti adadi apita ku Lusaka zimapangitsa mwana kudikira pageti, ndipo tsiku limene adzamve kwa anzake adzasiya kukukhulupirirani. Nenani kuti amwalira, sabweranso, ndipo si chifukwa cha iye. Wina ayambanso kukodza pogona, wina ndewu kusukulu, wina kuseka ngati palibe chachitika. Musamenye. Abwerere kusukulu msanga, aphunzitsi adziwe. Za fizi m'sukulu za boma zinachotsedwa mu 2022, chotsala ndi yunifomu ndi mabuku, ndipo ku Social Welfare kapena kwa a CWAC, komiti yoona za ovutika m'dera lanu, mukalembetse kuti akuoneni ngati mungalowe pa thandizo.

Mtima umabwerera, mayi, koma subwera ndi chizindikiro. Mumangozindikira kuti lero ndadya osakumbutsidwa, kapena ndapsa mtima ndi mtengo wa tomato ku Saturday Market ngati kale. Umabwerera msanga kwa amene akudziwa kuti pogona pali, ndiye chifukwa chake ndalimbikira za mapepala. Chaka chino musagulitse nyumba, musasamuke, musalowe ngongole ya kaloba, ndipo ndalama zikatuluka musaziike zonse mu bizinesi imene wakuuzani wa kutchalitchi.

Komabe, ndanena zambiri zaukali, musamenyere chilichonse. TV, sofa, njinga, masuti, zisiyeni zipite ngati zapita, mphamvu zanu n'zochepa, zisungireni nyumba, akaunti ndi penshoni. Kupolisinso musathamangireko musanayese ankhoswe, chifukwa mukangofikako ubale umasweka, ndipo ana anu mawa adzafuna agogo awo, makamaka ngati kuchimuna ndi kwa Angoni kumene ana amawerengedwa kwa bambo. Apongozi anu aakazi nawonso aika mwana wawo m'manda, K20 yawo apatseni ndi manja awiri. Pakati pa achimunawo pamakhala mmodzi amene zikumuchititsa manyazi koma akuopa kulankhula. Mupezeni ameneyo, ndiye mukhale naye pa u adiministireta. Koma akabwera ndi pepala, ngakhale ndi iyeyo, muuzeni kuti ndiwerenga mawa, mulijambule, mulitumize kwa munthu wodziwa. Ndipo mutiuze muno ngati nyumbayo ili ndi taitolo kapena ndi ya mapepala a khonsolo, komanso ili m'dzina la ndani.