Sorry wa azungu uja anandiitanitsa ku ofesi

Imelo ya sabata ino yachokera kwa asisi ena amene angofika kumene ku Leeds ku Mangalande, akugwira ntchito yosamalira okalamba. Akuti mnzawo wa kuntchito anapunthwa pa masitepe, iwo nkunena kuti "sorry", mzunguyo nkuwayang'ana modabwa amvekere "it's not your fault", ndiye akufunsa kuti kodi kamawu kameneka kamatanthauza chani kwenikweni poti azungu omwewo amakatchula tsiku lonse osapuma.

Asisi, nditawerenga ndinaika kaye foni pansi. Mwakanda pachilonda.

Chaka changa choyamba ku Mangalande ndinkagwira shifiti ya usiku pa nyumba ina ya okalamba, dzina sinditchula. Panali agogo ena aakazi a zaka zopitirira 90, ochepa thupi ngati kamwana, khungu lopyapyala loti kungoligwira mwamphamvu pang'ono lada kale. Usiku wina cha m'ma 2 koloko anadzuka okha kuti apite kuchimbudzi osaliza belu, ndiye anagunditsa mwendo pa chitsulo cha bedi. Ine ndinali mu kolido ndikupinda mataulo, ndinangomva kulira basi nkuthamanga. Ndipeza magazi akuyenderera pa msongolo. Ndinagwada pansi ndikupukuta, pakamwa pakungotuluka sorry, sorry, sorry, mwina kakhumi kaya kuposa, chifukwa mumtimamu ndinkanena kuti pepani agogo, pepani, mmene tinaleredwera tonsefe. Nesi wa usiku umenewo anali ataima pakhomo, akumva zonse.

M'mawa ndavala kale jekete kuti ndizikagona, amanijala andiitana. Ndilowa, fomu ili patebulo. Funso loyamba, munawatani agogo aja? Ndinati sindinawatani. Ndiye mumapepesa chani? Mu lipoti munali mutalembedwa kuti wantchito anapepesa mobwerezabwereza, ndipo kwa iwo munthu sapepesa kakhumi asanalakwe. Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu munthu akapunthwa pamsewu ngakhale uli tsidya lina umakuwa kuti pepanitu, mwana akadziluma lilime akudya chimanga mayi amati pepa, palibe amene amafunsa kuti ndiwe unaika mwalawo kapi, koma Chingerezi changa chonse cha Fomu 4 chinathawa nthawi imeneyo, ndinangokhala ngati mbuzi yogwidwa m'munda mwa eni. Chinandipulumutsa ndi kamera ya mu kolido, inaonetsa ine ndi mataulo anga. Nkhani inathera pompo, palibe anandiuza sorry olo mmodzi, ndipo pa basi yobwerera ndinalira mpaka dalaivala anandiyang'ana pagalasi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinatseka pakamwa. Munthu agwetse kapu, ine duu. Wina adzitseke chala ndi chitseko, ine duu, mtima ukundiwawa ngati ndamana munthu madzi akumwa. Patapita miyezi agogo aja anamwalira, mwana wawo wamkazi anabwera kudzatenga katundu, nayenso wachikulire ndithu, atanyamula kachikwama ka zovala za mayi ake akulira. Ine amene ndinkawasambitsa, amene ndinkadziwa kuti tiyi amamwa wa shuga mmodzi, ndinangoima chilili osanena kanthu kuopa fomu. Ndiye nesi yemwe uja, yemweyo ndithu, anabwera nkuwagwira dzanja amvekere "I'm so sorry for your loss". Palibe anamufunsa kuti wawapha ndiwe kodi. Apa mpomwe mutu wanga unazungulira.

Ndinakatsegula dikishonale ndi mkwiyo, zoona, ngati ndikukasaka umboni wa kukhothi. Ndipo umboniwo ndinaupeza. Mawu akuti sorry ndi akalekale, m'Chingerezi cha zaka zoposa 1,000 zapitazo ankati sārig, kuchokera ku sār, kutanthauza ululu kapena bala. Ndi muzu womwewo umene unabala "sore", uja amati sore throat pakhosi pakamawawa. Ndiye pachiyambi munthu akati ali sorry ankatanthauza kuti akumva kuwawa mumtima, basi, za kulakwa munalibemo. Ambiri amaganiza kuti anachokera ku "sorrow" poti amafanana, koma ayi, sorrow ali ndi kwawo kwina, anachokera ku sorg, kungoti awiriwa anayenda limodzi nthawi yayitali mpaka anayamba kufanana nkhope ngati banja lokhalitsa. Chinandiseketsa nchakuti mawu a Chijeremani akuti "sehr", omwe lero amangotanthauza "kwambiri", ndi abale ake a sore yemweyo, monga mmene ife timanenera kuti chakudya chakoma koopsa pomwe palibe choopsa. Sorry wongoponya yekha uyu, wopepesera ukaponda munthu, ndi wamng'ono, anayamba kuoneka m'zolemba cha m'ma 1800.

Ndiye ine ndikunena, ndipo sindibweza, usiku uja wolakwitsa Chingerezi sindinali ine. Ine ndinalankhula sorry weniweni wa makolo awo, eni akewo ndi amene anamuiwala nkumutsekera ku maliro kokha. Ndipo si ife tokha, anzanga a ku Nigeria ndi ku Ghana omwe ndagwira nawo ntchito amachita chimodzimodzi, ukayetsemula sorry, ukatsamwa sorry. Ayoruba ali ndi "pele", Aigbo ali ndi "ndo", a ku Tanzania ali ndi "pole", ndipo Chiswahili chinachita kusiyanitsa bwinobwino, pole ndi wa chisoni, samahani ndi wa kulakwa. Ife pepani amagwira zonse ziwiri koma sitisokonezeka, chifukwa munthu akalakwadi timadikira amalize, anene kuti ndalakwa, mundikhululukire. Agogo anga ankati pepani wopanda "ndalakwa" pa mlandu ndi ndiwo zopanda mchere, ankakubweza ukayambirenso, utagwada.

Nanga iwowo amamugwiritsa ntchito bwanji? Aaa, paliponse. Mu sitolo ya Tesco munthu akuponda ndi trolley, iwe wopondedwa unene sorry, iyenso sorry, nonse nkumapita. Pali mayi wina wofufuza chikhalidwe cha Angerezi, Kate Fox, ankachita kugunda anthu dala m'misewu ndi m'masiteshoni kuti aone, ndipo ambiri mwa ogundidwawo ndi amene ankayamba kupepesa. Sorry wokweza mawu kumapeto ndiye kuti sindinamve, bwerezani. Sorry mu basi yodzaza ndiye kuti tapatukani ndidutse. Sorry asanakufunse kanthu ndi odi chabe. Pa sitolo akati sorry tatseka, palibe chisoni chilichonse, akufuna azipita kwawo. Pa siteshoni ya sitima kuli mawu ojambulidwa kale amene amapepesa sitima ikachedwa, makina asisi, kupepesa tsiku lonse osatopa. Akati chinthu chili mu "sorry state" ndiye kuti chatha ntchito, chomvetsa chisoni, tanthauzo limeneli ndi lakale ndithu. Koma woopsa kuposa onse ndi "I'm sorry, but", mukangomva ameneyo konzekani, munthuyo sakupepesa, akuvula jekete kuti mumenyane.

Kuseka ndimaseka koma mwina ndisanyanye, nafenso tili ndi zikomo. Mzungu wina amene anakhalako ku Zomba anandifunsa kuti zikomo ndi chani kwenikweni, poti anamumva pothokoza, podutsa pakati pa anthu, poitana weita, poyankha akaitanidwa, potseka msonkhano, ndipo ine ndinasowa chonena. Ndiye chinenero chilichonse chili ndi kamawu kake konyamula katundu wa mudzi wonse. Pamenepo ndiwakhululukire.

Sorry wa maloya

Pomwe sindiwakhululukira ndi apa. Mawu amene amawataya ngati makoko a mtedza pa basi, akafika poti alakwadi amasanduka golide, satuluka. A inshuwalansi ya galimoto amalangiza kuti mukachita ngozi musavomere kulakwa pamalopo, ndiye anthu amaopa ngakhale kunena sorry kwa munthu amene akutuluka magazi. Zinafika poti mpaka anakhazikitsa malamulo. Ku England ndi Wales lamulo la Compensation Act la 2006 limanena kuti kupepesa pakokha sikutanthauza kuti wavomera mlandu wosasamala. Ku Canada, komwe amatchuka ndi sorry kuposa Angerezi, chigawo cha British Columbia chinapanga Apology Act mu 2006, Ontario nayo mu 2009, kuti dokotala kapena wina aliyense athe kunena sorry osaopa kuti akamugwira nayo kukhothi. Tangoganizani, nyumba ya malamulo kukhala pansi kukambirana kuti munthu aloledwe kunena pepani. Amanijala anga aja kaya ankalidziwa lamulolo, ine panthawiyo sindinkalidziwa, bwenzi nditawawerengera.

Maboma ndiye akatswiri. Mu 2013 boma la Britain linavomera kulipira anthu 5,228 a ku Kenya amene anazunzidwa ndi atsamunda nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu ya Mau Mau, ndalama zonse pamodzi mapaundi 19.9 miliyoni, koma William Hague, nduna ya zakunja panthawiyo, ataima mu nyumba ya malamulo mawu amene anasankha ndi "sincerely regrets", ndipo ananenetsa kuti boma silikuvomera mlandu. Mfumu Charles itapita ku Nairobi mu 2023 inalankhula za "greatest sorrow" ndi "deepest regret", sorry yekhayo osatuluka, ndipo Akenya ambiri anazindikira. Regret ndi mawu a munthu amene akudandaula kuti zinachitika, ngati mvula yagumula nyumba yokha. Ku Australia nduna yayikulu John Howard anakana zaka zambiri kupepesa m'dzina la boma kwa Aaborijini, eni nthaka a kumeneko, amene ana awo ankalandidwa, anthu wamba anachita kuyambitsa okha Sorry Day pa 26 May 1998, mpaka Kevin Rudd, amene anadzalowa m'malo mwake, anadzanena mawuwo mu nyumba ya malamulo pa 13 February 2008, anthu akulira panja. Zaka 10 kudikira kamawu ka zilembo 5 komwe munthu wa ku London amakanena kwa mpando akaugunda.

Ndipo Aaborijini omwewo, m'Chingerezi chawo, maliro ndi miyambo yonse ya kulira amaitcha "Sorry Business". Nditamva zimenezo ndinati ehee, awa ndi anzathu, akudziwa kuti sorry ndi kukhala pansi pa mphasa ndi namfedwa. Mayi anga atamwalira ndinali kuno, ndinalephera kupita, mapepala anali asanatuluke, anzanga a ku Malawi anadzaza mu kachipinda kanga usiku wonse, aliyense polowa kugwira dzanja nkuti pepani, mawu amodzi okha, ena osawonjezera kanthu. Kuntchito anandipatsa khadi losainidwa ndi anthu 14, labwino ndithu, ndinalisunga, koma tsiku lachitatu anandifunsa ngati ndingathe kubwera Loweruka poti kunalibe anthu, ndipo funsolo linayamba ndi sorry.

Ndatalikitsa asisi, ndibwerere kwa inu. Munthu akapunthwa kapena kudzipweteka inu mulibemo, nenani "oh no, are you alright?" basi, ndiye pepani wawo ameneyo. Akakuuzani za matenda kapena vuto, sorry asayende yekha, mumuphatikize, "sorry to hear that". Pa maliro "sorry for your loss", musachite mantha ngati ine. Kuntchito wokalamba akavulala thandizani kaye, kenako lembani mu lipoti nthawi, pomwe munali ndi zomwe munaona, musadikire wina akulembereni. Mnzanu uja sanakwiye, amangokumasulani ku mlandu womwe amaganiza kuti mwadzipatsa.

Ine masiku ano ndinapeza njira yanga, ndimangonena m'Chichewa. Kumene ndikugwira pano kuli agogo ena aamuna amene ndimawameta ndevu Lachisanu, akadzigunda ndimati pepani agogo, tsiku lina anandifunsa kuti ndikuti chani, ndinawauza. Sabata yatha ndinadziwotcha ndi ketulo m'chipinda mwawo, ndinangomva kumbuyoku akuti "papani, papani".