Timabokosi tokana kusintha mtundu mu Microsoft Project

Pa imelo pafika funso la mayi ena amene amayang'anira ndondomeko ya ntchito yomanga. Mu Excel anazolowera kuti kabokosi kazisintha kokha mtundu, kufiira ntchito ikachedwa, kubiriwira ikatha. Atasamukira ku Microsoft Project ya pa kompyuta, afunafuna batani la Conditional Formatting koma osaliona. Panopa amapenta pamanja sabata iliyonse, ndiye akatsegula Tracking Gantt amapeza mitundu yonse kulibe. Akufunsanso ngati angadetse mawu amodzi okha m'dzina la ntchito, ena onse n'kukhala momwe alili.

Mayi, batanilo musataye nalo nthawi, mu Project mulibe. Kuyambira pa Project 2007 n'zotheka kupaka mtundu kumbuyo kwa kabokosi, koma pamanja pokha, ndipo utotowo umasungidwa mu view (kaonekedwe ka ndondomeko pa sikirini) imene munali pomwe mumapenta. Gantt Chart ndi Tracking Gantt ndi ma view awiri osiyana, n'chifukwa chake kwinako mukupeza koyera. Vuto lalikulu si limenelinso. Mtundu wopenta pamanja simungausefe ndi filter, simungaikire ntchito m'magulu potengera iwo, komanso tsiku likasuntha iwo sudziwa kanthu. Choyenera kuchita ndi kusunga tanthauzo la mtunduwo m'kolamu yakeyake, pulogalamu iziwerengera yokha, mtundu uzingotsatira pambuyo.

Yambani motere. Pitani pa tab ya Project, dinani Custom Fields, sankhani Task, pa Type musankhe Number. Muli ndi Number1 mpaka Number20. Tengani imene palibe akuigwiritsa ntchito, muipatse dzina podina Rename. Kenako dinani Formula mulembe izi:

IIf([% Complete]=100,1,IIf([Finish]<[Current Date],3,2))

Ntchito yotha ipeza 1, imene idakali m'nthawi yake ipeza 2, imene tsiku lomaliza ladutsa isanathe ipeza 3. Ngati Project yakana fomulayi, onani makonzedwe a dera mu Windows. Makompyuta ena amafuna chizindikiro cha semicolon (;) pamene ine ndaika comma (,).

Pawindo lomwelo, m'munsi, dinani Graphical Indicators. Lembani mizere itatu, yonse ndi equals: 1 kadontho kobiriwira, 2 kachikasu kapena koyera, 3 kofiira. Project imawerenga mizereyi kuchokera pamwamba ndipo imaima pa woyamba umene wagwirizana, choncho mukadzayamba kugwiritsa ntchito is greater than, malire okhwima akhale pamwamba. Mukaika kolamuyi mu view iliyonse, timadontho tioneka chimodzimodzi.

Pali malo atatu pamene ambiri amakodwa. Poyamba ndi mizere ya summary (mitu yophatikiza ntchito zingapo za pansi pake), imene imangokhala yopanda kanthu. Pa gawo lolembedwa Calculation for task and group summary rows sankhani Rollup, kenako Maximum, ndipo mu Graphical Indicators muchonge kuti mizere ya summary itengere malamulo a mizere wamba. Apa mpamene muone chifukwa chimene ntchito yochedwa ndaipatsa nambala yaikulu: kantchito kamodzi kakachedwa, mutu wonse wa gawolo ufiira, bwana amene amangoona mitu aona msanga. Kachiwiri ndi Status Date. Ambiri amaikonda kuposa Current Date, ndipo akulondola, chifukwa lipoti liyenera kuyezedwa pa tsiku limene munatolera manambala. Koma ngati simunaike tsikulo mu Project Information, pamakhala NA, ndipo m'fomula NA amatengedwa ngati nambala yaikulu zedi, ndiye ntchito zonse zosatha zifiira nthawi imodzi. Kachitatu, mukafuna kuyeza kuchedwa poyerekeza ndi baseline (ndondomeko yoyambirira imene munasunga) kudzera pa Finish Variance, dziwani kuti m'fomula nthawi imawerengedwa m'mphindi. Tsiku la maola 8 ndi 480, masiku 5 ndi 2400. Wolemba kuti yoposa 5 ndiye kuti wanena mphindi zisanu.

Mwina timadontho sitikukwanirani, mukufuna mzere wonse uwale. Pa tab ya View pali Highlight. Pangani filter yatsopano yonena kuti Number1 (kapena Number imene munasankha ija) equals 3, mizere yochedwa iwala chikasu, ina yonse n'kumaonekabe. Chikasucho mungachisinthe pa Format, Text Styles, posankha Highlighted Tasks. Malire ake ndi akuti mtundu ndi umodzi basi pa nthawi imodzi, ndipo mukasintha masiku muyenera kusankhanso filter ija kuti iwerengenso. Mtundu wachiwiri mungaupeze pa kolamu ya Marked, imene ili ndi malo ake mu Text Styles otchedwa Marked Tasks, koma Yes ndi No wake amaikidwa pamanja, fomula salola. Ndi yabwino pa zinthu zimene munthu yekha ndiye angaweruze, monga ntchito zodikira chilolezo.

Kunena zoona, malo amene Project imapenta yokha mosanyinyirika ndi kumanja, pa mipiringidzo ya Gantt. Mu Custom Fields momwemo tengani Flag1, kolamu ya Yes kapena No, muipatse fomula IIf([Number1]=3,Yes,No). Mu Bar Styles onjezani mzere watsopano wofiira, pa Show For Tasks mulembe Normal,Flag1, uyambire pa Start kukathera pa Finish. Mzerewu ukhale pansi pa wa Task koma pamwamba pa wa Progress, chifukwa wa m'munsi umajambulidwa pamwamba pa unzake. Mukauika pamwamba penipeni ubisika, mukauika kumapeto ubisa kamzere koonetsa pomwe ntchito yafika. Ma Flag alipo 20, mitundu siingakuthereni.

Macro ya VBA (kapulogalamu kolemba nokha) ingathedi kupenta kabokosi kamodzikamodzi, kudzera pa SelectTaskField ndi Font32Ex, koma ine sindingakulimbikitseni pokhapokha ofuna lipoti aumirire. Imasankha kabokosi potengera malo a mzere pa sikirini, osati ID ya ntchito, ndiye pakakhala filter kapena mitu yopindidwa ipenta ntchito zolakwika. Mizere yopanda kanthu imaigwetsa ngati wolemba sanaiganizire. Ndipo utoto wake ndi wa view imodzi yomwe ija.

Za kudetsa mawu amodzi m'kabokosi, sizitheka. Kabokosi konse kamatenga kalembedwe kamodzi. Mawu ofunikawo apatseni kolamu yawo, mwa Text1 mpaka Text30, pokumbukira kuti iliyonse imalola zilembo 255. Zofotokoza zazitali zofuna mawu odetsedwa ndi timadontho ta mndandanda zipite ku Notes ya ntchitoyo.

Musanayambe zonsezi, chotsani utoto wakale, chifukwa wopenta pamanja umaphimba wa Text Styles ndipo mudzaganiza kuti njira yatsopanoyi yakanika. Sankhani mizere yonse, pa tab ya Task dinani Clear, kenako Clear Formatting, view iliyonse payokha. Zikayenda bwino, tsegulani Organizer kudzera pa File ndi Info, mukopere field, filter, table ndi view zanu ku Global.mpt kuti fayilo yatsopano iliyonse ya pa kompyuta yanu izizipeza. Anzanu a pa makompyuta ena aziona zimene zili m'fayilo ya pulojekiti yokha, choncho onetsetsani kuti zinayi zonsezi zilimonso m'fayilo imene mukuwatumizira.