Kuyamika Mulungu pomwe zikuwawa komanso pomwe zikuyenda

Adzukulu anga, mafunso awiri andipeza ndipo ndati ndiwayankhe pamodzi poti muzu wake ndi umodzi. Loyamba ndi la mtsikana wa ku Chilobwe, nyumba yawo inapita ndi matope aja anatsika phiri la Soche nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndipo mchimwene wake wamng'ono sanapezeke mpaka lero. Akuti mayi ake mmawa uliwonse amagwada nkumati zikomo Ambuye, iye akamva zimenezo mtima umachita kumuwira, nde akufunsa kuti kodi ndi tchimo kuti zikomo sakutuluka pakamwa pake. Lachiwiri ndi la mnyamata amene ali ku Joni, ntchito anaipeza zikuyenda, akuti mayi ake akumuvutitsa kuti atumize kangachepe ka masika ku tchalitchi chakumudzi pomwe iye analemba kale pa Facebook kuti Mulungu ndi wabwino, komanso ndalamazo ndi thukuta lake.

Ndiyambe ndi iwe mtsikana wanga. Pepa, pepa ndithu. Ayi sunachimwe, ndipo aliyense amene angakuuze kuti misozi yako ndi kuchepa kwa chikhulupiliro sanawerenge bwino Baibulo lake. Anthu amakonda kutchula mau a Yobu aja akuti Yehova anapatsa, Yehova watenga, lidalitsike dzina la Yehova, koma amadumpha vesi ya pamwamba pake, pomwe munthuyo anang'amba malaya ake, nameta mutu, nagwa pansi. Mau amenewo anawanenera mu fumbi. Ukapitiriza mutu 3 upeza Yobu yemweyo akutemberera tsiku limene anabadwa, ndipo kumathero kwa bukulo amene Mulungu anawakwiyira ndi anzake atatu aja amene ankamuuza kuti pali chimene unalakwa iwe. Chanzeru chimene anzakewo anachita ndi masiku 7 aja anangokhala naye pansi osayankhula kanthu, monga timachitira pa siwa, munthu umangofika nkukhala, kumeneko nkupepesa kale. Ambuye Yesu amene analira pa manda a Lazaro chonsecho akudziwa kuti amuukitsa.

Tsono za mayi ako. Usaganize kuti iwo zinawaphweka kapena kuti mwana wawo anamuiwala, palibe mayi amaiwala. Sakuyamika matope, sakuyamika imfa, ayi. Akuona iwe uli moyo, akuona kuti kunja kwacha, akukumbuka anthu amene anakumba ndi makasu ndi manja kufuna abale a eni, amayi a Mvano ndi ena a mipingo ina amene anabwera ndi ufa ndi zitenje ku makampu a m'masukulu muja, ndipo zikomo ameneyo ndi amene akuwaimitsa kuti asagwe. Anthu opitilira 1,000 anafa ndi namondwe ameneyo m'dziko muno, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, ku Nsanje konseko kuli makomo ngati lanu, ndipo m'makomo amenewo ena amayamba ndi kuimba ena amayamba ndi kukhala chete, onsewo Mulungu amawamva. Iwe ukamapemphera nena zimene zilimo mumtima, olo zikhale zakuti Ambuye munali kuti usiku uja. Salimo 13 imayamba ndi kufunsa kuti mudzandiiwala kufikira liti, ndipo Salimo 88 imatha mu mdima osatulukamo nkomwe koma inalowabe m'Baibulo. Chimene ndikukupempha nchimodzi, usawaletse mayi ako ndipo usawanyoze, akamagwada iwe khala pafupi nawo olo usanene kanthu. Zikomo wako adzabwera nthawi yake, osamukakamiza.

Ife amene tinaona njala ya 2002 timadziwa kuti kuyamika kwa pa mavuto sikumakhala kwa phokoso. Chaka chimenecho anthu ankadya madeya, ena zitsa za nthochi, chimanga chikudyedwa chisanakhwime kumunda. Ndinaona mayi wina wa mu mpingo mwathu ataphika phala la madeya lopanda shuga lopanda mchere, ana akhala pa mphasa mbale zili mmanja, iye nkuwauza kuti tsinzinani kaye. Pemphero lake linali lalifupi zedi, anangoti Atate zikomo lero tadya. Sanali kunama kwa Mulungu kuti zinthu zili bwino, amadziwa kuti mawa mwina sadya, koma la lerolo analiwerenga ngati mphatso. Ndipo dziwani kuti mgonero umene timadya m'tchalitchi unayamba chonchi, Paulo akuti pa 1 Akorinto 11 usiku womwe Ambuye anaperekedwa anatenga mkate nayamika, akudziwa bwinobwino za mtanda wa mawa lake.

Nde ndibwere kwa iwe wa ku Joni, ndipo pano ndikhwimitsako mau pang'ono chifukwa ngozi yako ndi yaikulu kuposa ya mnzakoyu. Munthu wa mmavuto saiwala Mulungu, olo akhale akukangana naye koma ali naye pafupi. Wokhuta ndi amene amaiwala. Mose anawachenjezeratu Aisraeli pa Deuteronomo 8 kuti mukadzadya nkukhuta, mutamanga nyumba zabwino, musadzanene mumtima kuti mphamvu yanga ndi dzanja langa ndi zimene zandipezera chuma chimenechi. Ndi mau ako omwewo eti, akuti thukuta langa. Thukuta ndi lakodi, sindikutsutsa, kudzuka mbandakucha kudziko la eni si masewera. Koma mapapo amene ukupumirawo unawagula kuti? Ndani anagulitsa mbuzi kuti upeze ya pasipoti ndi ya basi? Anzako angati munanyamuka limodzi amene ena anabwezedwa ena anabwera m'bokosi, iwe unawaposa chani? Akulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Kulemba pa Facebook sikolakwika, koma kumeneko amene amaona ndi anthu ndipo nthawi zambiri amene amatamandidwa ndi mwini chithunzi, ali ndi jekete yatsopano waima pambali pa galimoto. Akhate 10 aja a pa Luka 17 onse anachira ndipo ndikhulupilira onse anakondwa ndi kuuza anthu panjira, koma mmodzi yekha, Msamariya, ndi amene anabwerera nkukagwa pamapazi a Yesu, ndipo Yesu anafunsa kuti nanga 9 aja ali kuti. Kwathu kuno mwana akalandira kanthu amalandira ndi manja awiri atagwada kapena atanyonyomala, ndipo mawa lake amapitanso kukanena zikomo wa dzulo, zimenezi tinaphunzitsidwa tisanadziwe nkuwerenga komwe.

Masika si msonkho ndipo Mulungu sagulidwa, amene angakuuze kuti pereka zakutizakuti kuti akubwezere kakhumi ameneyo akuchita malonda, usamumvere. Masika ndi tsiku limene mlimi amasenza dengu la chimanga, wina mtedza, wina maungu, wina nkhuku atamanga miyendo, nkukaika kutsogolo kunena kuti tinalima ndife koma mvula sitinagwetse ndife. Ndaonapo agogo amasiye akubwera ndi mbale imodzi ya nandolo chaka chouma akuvina, palibe anawaseka. Mayi akowo akufuna dzina la banja lanu lisasowe pa tsiku limenelo, ndipo munda wako iwe pano ndi ntchitoyo. Tumiza zimene mtima wako wakonda, osati zoonetsera, ndipo usalekere pa tchalitchi pokha. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la fetereza ambiri kumudzi salikwanitsanso, funsa mayi ako kuti ndani pa mudzi panu akugona ndi njala kapena ndi mwana uti wasiya sukulu kamba ka fizi, iwo akuwadziwa onse mayina. Uwaimbire foni Lamulungu likubwerali, osati kungotumiza ndalama mwakachetechete, amve mau ako ndipo mupemphere limodzi pa foni pomwepo olo mayunitsi akhale ochepa.